Kuwerenga Mpweya wa Sungeni

Ine ntchito yanga ndi kuwerenga.
Pa Lizulu, m'mbali mwa msewu wa tala,
ndimawerenga ndowa za kachewere,
mitu ya kabichi, makwacha onyowa ndi thukuta,
ndi ngongole za madalaivala a "mawa, bwana."
Za kuwerenga mpweya sindinkazidziwa.

Unali mwezi wa Juni.
Nkhungu inatsika m'phiri
n'kugona pakhomo pathu ngati galu wa eni.
Sungeni anayamba ndi kachifuwa kouma, khe-khe-khe,
ife n'kumati ndi chimfine cha chisanu,
mwana wa ku Ntcheu ndani sanalawe mphepo?
Ndinagula panado pa okala,
tinam'funditsa mabulangete awiri, n'kugona.

Tsiku lachitatu anakana bere.
Nanzunga anam'patsa la kumanzere, iye ayi,
la kumanja anangogwira n'kulisiya,
ngati kuyamwa ndi kupuma
zikulimbirana khomo limodzi.
Mphumi kutentha ngati chiwaya cha tchipisi.
Timphuno kutukuka, kuphwa, kutukuka,
ndipo pothera pa mpweya uliwonse kubuula,
eh, eh, eh,
ngati munthu wosenza thumba pachitunda.

Ku sikelo ndinapitako kamodzi kokha,
tsiku lomwe mayi ake anatupa dzino,
mwamuna ndekha pakati pa zitenje;
anzanga a pamsika amandiseka mpaka lero.
A Kampanikiza a zaumoyo anaima pansi pa mtengo wa pichesi
nati, "Chibayo sichigogoda.
Kwezani malaya a mwana, muone pansi pa nthiti,
kenako muwerenge.
Wa miyezi iwiri mpaka chaka
akafika makumi asanu pa mphindi, akuthamangitsidwa."
Ine maganizo anali pa mtengo wa feteleza.
Koma khutu ndi nkhokwe,
limasunga ndi zomwe sunaikemo dala.

Ndinayatsa tochi ya foni.
Ndinakweza kamalaya.
Munthu akamakoka mpweya chifuwa chimadzaza;
cha Sungeni chimalowa m'kati,
pansi pa nthiti n'kuchita kadzenje
koti n'kuikamo dzira la nkhunda.
Ndinatchera wotchi.
Kamodzi, kawiri, katatu,
chala changa chikutsalira m'mbuyo,
makumi asanu ndi limodzi, kudza kawiri.
Ndinati ndalakwitsa,
ine amene sindilakwitsa chenji ngakhale pa Lachitatu la msika.
Ndinabwereza.
Makumi asanu ndi limodzi, kudza kanayi.
Milomo yake inali itayamba kuda
ngati wadya mabulosi mumdima.

"Tidikire kuche," ndinatero.
Manyazi ndinene,
ndinkawerenga mtengo wa njinga yamoto usiku.
Nanzunga sanandiyankhe.
Anali atabereka kale mwana,
atamanga chitenje mfundo ziwiri.

Dafuleni wa kabaza anadzuka atavala jekete chogadamiza,
sanafunse za ndalama.
Nesi wa tulo m'maso anapana chala cha kuphazi
ndi kachitsulo kowala mofiira,
anayang'ana nambala, sanatiuze,
tulo tinam'thera pomwepo.
Jakisoni. Foni ku boma. Ambulansi.
Ku Ntcheu, timapaipi m'mphuno,
makina akulira ngati njuchi m'mgolo.
Dokotala anangofunsa, "Anawerenga ndani?"
Nanzunga anandiloza ndi chibwano.

Masiku asanu ndi limodzi tinakhala m'menemo.
Kabichi wanga anaola pamsika,
mitu makumi anayi, ndinaiwerenga ndithu
poitayira mbuzi za eni.

Pano Sungeni akukwawa,
dzulo wandidyera lisiti ya msonkho.
Koma usiku, nkhungu ikagunda malata,
ndimadzukabe mwakachetechete,
foni m'manja, kamalaya m'mwamba.
Makumi atatu kudza kasanu.
Makumi atatu kudza kanayi.
Nanzunga amati, maso ali chitsinzinire,
"Bambo a Sungeni, kagoneni,
ndawerenga kale."